Chifukwa chake Dean Ambrose anasanduka Jon Moxley

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, bwanji anthu ogwetsana akachoka ku WWE, kampani yaikulu ya masewera ogwetsana ya ku America, amasintha dzina ngati munthu wothawa ngongole? Chachiwiri, bwanji kampani imachotsa munthu amene tikumukonda nkhani yake ili pakati, pomwe ena akapempha okha kuti achoke amakanizidwa? Ndaona ena akuyankhani kuti ndi sewero basi, musamadandaule nazo. Ine yankho limenelo silikundikwana. Zoti wopambana amasankhidwiratu ndewu isanayambe, ngakhale mwana wa sitandade 5 akudziwa. Koma mafunso anuwa akukhudza pepala limene munthu amasaina tsiku lolowa ntchito, ndipo pepalalo mulibe sewero. Mundipirire, ndilemba zambiri.

Tiyambe ndi dzina. Mu 2019 ndinamuonetsa mwana wa mlongo wanga kavidiyo pafoni, ka tsiku limene AEW, kampani ina ya zogwetsana yopikisana ndi WWE, inachititsa chionetsero chake cha Double or Nothing ku Las Vegas, pa 25 May. Munthu akutsika kudutsa pakati pa anthu oonerera, bwalo lonse likukuwa, olengeza akufuula kuti Jon Moxley. Mwanayo anandilanda foni, nkuyibweza m'mbuyo kawiri, kenako nkunena ndi mtima wonse kuti, "Amalume, ameneyu ndi mapasa ndi Dean Ambrose." Tinakangana mpaka nsima kuzizira. Iye sankamvetsa kuti munthu mmodzi angataye bwanji dzina limene dziko lonse likumudziwa nalo. Nkhani yake ndi yoti dzina loti Dean Ambrose silinali lake. Dzina lake lobadwa nalo ndi Jonathan Good. Asanalowe WWE ankamenya m'timakampani ting'onoting'ono ngati Jon Moxley. WWE itamulemba inamupatsa dzina latsopano nkulilembetsa ku boma ngati katundu wake, monga mmene kampani ya sopo imalembetsera dzina la sopo wake. Kontirakiti yake itatha mu April 2019 anatuluka ndi thupi lake ndi luso lake, dzina linatsala pakhomo ngati yunifolomu.

N'chimodzimodzi Edge kukhala Adam Copeland atapita ku AEW mu 2023, Sasha Banks kukhala Mercedes Moné, Rusev kukhala Miro. Polowa nazonso zimachitika: Ricky Starks atafika ku NXT, nthambi ya WWE yokulitsira ogwetsana atsopano, mu 2025 anamusandutsa Ricky Saints, WALTER naye anadzasanduka Gunther atakhala kale m'kampanimo. Kampani imafuna kuti malaya, zidole ndi magemu a pakompyuta zikamagulidwa, dzina lolembedwa pamenepo likhale lake. Amene amapulumuka ndi ogwiritsa ntchito dzina lobadwa nalo, monga John Cena, Randy Orton ndi Brock Lesnar, kapena amene anafika atatchuka kale moti kuwasintha kukanakhala kutaya ndalama, monga AJ Styles ndi CM Punk.

Mukafuna kuona pamene maganizo amenewa anafika pochititsa manyazi, bwererani ku 1996. Scott Hall ndi Kevin Nash, omwe ku WWF (dzina lakale la WWE) ankatchedwa Razor Ramon ndi Diesel, anachoka nkupita ku WCW, kampani imene inkapikisana nayo nthawi imeneyo. WWF inati palibe vuto, mayinawo ndi athu. Inatenga anthu ena awiri, nkuwaveka zovala zomwezo, kuwapesa tsitsi chimodzimodzi, kuwaikira nyimbo zomwezo, nkuwatulutsa kuti awa ndiye Razor Ramon ndi Diesel. Anthu anawakana tsiku lomwelo, ndipo patangotha miyezi yochepa nkhaniyo inafa. Wovala za Diesel uja anali Glenn Jacobs, amene chaka chotsatira anavala chigoba chofiira nkukhala Kane. Ndiye munthuyo luso anali nalo ndithu, kungoti anamuveka dzina la mwini wake, ndipo oonerera sapusitsika pa zotere.

Cody Rhodes naye anazilawa. Bambo ake anali Dusty Rhodes, mkulu wake ndi Dustin Rhodes, koma iye atachoka ku WWE mu 2016 anakhala zaka akumenya ndi dzina loti Cody basi, chifukwa loti Cody Rhodes linali m'manja mwa kampani. Analipeza mu 2020. Ngakhale The Rock, ndi kutchuka kwake konse kuja, umwini wonse wa dzina limenelo anaulandira mu January 2024, pamene analowa m'bodi ya TKO, kampani yomwe pano ndi mwini wa WWE. Taganizani, zaka zoposa 25 akutchedwa The Rock.

Tsopano funso lachiwiri lija, lomwe ine limandiwawa kwambiri.

Pa pepala, anthu ogwetsana ku WWE sawerengedwa ngati antchito olembedwa. Amawerengedwa ngati odziimira paokha, tinene kuti aganyu. Koma ndi ganyu wamtundu wanji? Waganyu weniweni akamaliza kulima ndime pano amapita kukalima kwa wina mawa, ndipo palibe womuletsa. Awa saloledwa kukamenya ku kampani ina, amauzidwa chovala, choyankhula, tsiku ndi malo ogwirira ntchito. Pa zoletsa ali ngati wantchito wolembedwa, koma pa zopindula ali ngati waganyu: kwa zaka zambiri ambiri akhala akudzilipirira okha galimoto yoyendera kuchoka mzinda uno kupita wina, hotela, ndi inshuwalansi ya kuchipatala. Alibenso bungwe lowayankhulira ngati mmene alili osewera mpira m'maligi akuluakulu. Jesse Ventura anayesa kuliyambitsa mu 1986, zinakanika.

Kontirakiti ikhoza kulembedwa zaka zitatu kapena zisanu, koma zakazo zimamanga wogwetsanayo kuposa kampani. Kampani ikatopa naye imangomupatsa chidziwitso cha masiku 90. M'masiku amenewo amalandirabe malipiro koma saloledwa kuoneka kwina. N'chifukwa chake mumaona munthu wachotsedwa lero, nkungoti zii miyezi itatu, kenako nkutulukira ku AEW kapena ku kampani ina ya TNA. A ku NXT masiku awo amakhala 30. Aleister Black anachotsedwa mu June 2021 ndipo mu July anali kale ku AEW ngati Malakai Black, chifukwa pepala lake linali likadali ndi masiku 30 a ku NXT. Amene kontirakiti yake yangotha yokha sadikira chilichonse, akhoza kuonekera kwina mawa lake.

Nanga iyeyo akafuna kuchoka? Apa ndiye pamavuta. Mustafa Ali anapempha poyera mu January 2022 kuti amumasule, anamukaniza. Mu September 2023 kampani yomweyo inamuchotsa pa nthawi yake. Luke Harper anapempha mu April 2019, anamusunga mpaka December, nthawi yambiri atangokhala kunyumba. Neville anachoka atakwiya mu October 2017 ndipo anakhala pafupifupi chaka osamenya kulikonse mpaka anamumasula mu 2018. Ndiye pali kachizolowezi kena koti ukavulala, miyezi imene unali kuchira amaiwonjezera kumapeto kwa kontirakiti. Wavulala pa ntchito yawo, ukugona ndi ululu, ndipo nthawiyo akuti sunaigwire, uibweze. Musaganize kuti ndikunyoza WWE yokha. AEW nayo inamusunga Rey Fenix mwanjira yomweyo pamene m'bale wake Penta anali atapita kale ku WWE mu January 2025.

Pa 15 April 2020, mliri wa Covid uli pachimake, makampani ang'onoang'ono ambiri atatseka moti kunali kovuta kupeza kwina kokagwira ntchito, WWE inachotsa gulu la anthu tsiku limodzi, kuphatikizapo Rusev, Zack Ryder ndi Kurt Angle. Chifukwa chake ankati kuchepetsa ndalama zowononga. Chaka chomwecho kampaniyo inapeza phindu loposa zaka zonse za m'mbuyo. Ine zimenezi sindinaziiwale, ndipo ndikamva kuti Netflix ikulipira madola 5 biliyoni pa zaka 10 chifukwa cha Raw, pulogalamu ya WWE ya sabata iliyonse, ndimakumbukira tsiku limenelo.

Zoti kontirakiti imalowerera mpaka mu nkhani imene tikuonera pa TV, umboni wake waukulu ndi Bret Hart. Mu 1996 anasaina kontirakiti ya zaka 20 ndi WWF. Chaka chisanathe bwinobwino Vince McMahon, mwini wa WWF nthawi imeneyo, anati ndalama zake sangazikwanitse, apite ku WCW. Vuto linali loti Bret ndiye anali ndi lamba, ndipo pepala lake linkamupatsa mphamvu yokana zina m'masiku 30 omaliza. Iye anakana kugonja kwa Shawn Michaels ku Canada, kwawo. Vince ankakumbukira zimene Alundra Blayze anachita mu December 1995, kutenga lamba wa akazi wa WWF nkukamuponya m'bini pa pulogalamu ya WCW. Ndiye pa chionetsero cha Survivor Series ku Montreal, pa 9 November 1997, Shawn atangomugwira Bret ndi Sharpshooter, kagwiridwe kopinda miyendo kokakamiza mnzako kugonja, Vince analamula kuti belu liyimbidwe Bret asanagonje. Mukaonera kanemayo yang'anani nkhope ya Bret. Akudzuka, akuyang'ana uku ndi uku, kenako akuzindikira, nkumulavulira Vince kumaso. Malovu amenewo sanalembedwe ndi wina aliyense.

Komabe sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti ogwetsanawo ndi ife oonerera tilibe mphamvu. Cody uja, pamene ankachoka mu 2016 anali atatopa ndi kupakidwa penti kumaso ngati Stardust, bambo ake atangomwalira chaka cham'mbuyo. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anakazungulira ku kampani ya Ring of Honor ndi ku Japan, ndipo mu September 2018 iye ndi ogwetsana anzake awiri otchedwa The Young Bucks anadzaza bwalo la anthu oposa 10,000 pafupi ndi Chicago popanda WWE. Kuchokera pamenepo panabadwa AEW ndi ndalama za Tony Khan. Kubadwa kwa AEW ndi kumene kunasintha zinthu kwa anzake onse, ngakhale amene sanachoke ku WWE, chifukwa msika ukakhala ndi ogula awiri wogulitsa amayamba kunenerera mtengo. Cody atabwerera ku WWE pa WrestleMania 38, chionetsero chake chachikulu cha pachaka, mu 2022 anabwera ndi dzina lake, nyimbo yake, chovala chake, palibe chimene anamusintha.

Miyezi iwiri pambuyo pake, pa chionetsero cha Hell in a Cell, anavula jekete ali mu ring'i. Mbali yonse ya kumanja ya chifuwa mpaka kumkono inali yakuda bii ngati biringanya, mnofu utang'ambika kuchoka ku fupa. Bwalo lomwe linali kuimba linangoti chete. Anamenya ndi Seth Rollins ndewu yonse ali choncho. Amene amati zonse ndi zabodza ndimafuna aziyamba aonera pamenepo.

Ndiye mu February 2024, Cody atapambana kachiwiri motsatizana Royal Rumble, ndewu imene wopambana amakalimbirana lamba pa WrestleMania, anatuluka pa pulogalamu ya SmackDown nkupereka malo ake kwa The Rock kuti ndiye akamenyane ndi Roman Reigns, amene anali ndi lamba. Anthu anakana. Anakuwa m'mabwalo, anadzaza intaneti ndi #WeWantCody, anayamba kumuwowoza The Rock amene. Sabata isanathe nkhani inatembenuzidwa, The Rock anasanduka woipa, ndipo pa 7 April ku Philadelphia Cody anathetsa ulamuliro wa Roman wa masiku 1,316. Ena m'gulu lino amati zonsezo anakonzeratu kuti atikwiyitse dala. Ine sindikhulupirira. Nkhope ya Cody tsiku lopereka malo lija inali ya munthu amene walandidwa chinthu. Zofanana zinachitikira R-Truth: pa 1 June 2025 analengeza kuti kampani siyimupatsanso kontirakiti ina, anthu anakuwa dzina lake m'mabwalo sabata yonse, ndipo pa chionetsero cha Money in the Bank, pa 7 June, anali atabwerera.

Koma kukuwa sikupulumutsa aliyense. Amene ine amandipweteka mtima mpaka lero ndi Bray Wyatt. Munthu amene anabwera ndi nyali m'manja magetsi atazimitsidwa, oonerera nkuyatsa mafoni ngati ziphaniphani, kenako nkupanga munthu wa chigoba choopsa wotchedwa The Fiend kuchokera m'mutu mwake. Mu July 2021 anachotsedwa nkhani yake ndi Alexa Bliss isanalongosoledwe nkomwe. Anabwerera mu October 2022, Vince atachoka pampando, koma mu August 2023 anamwalira ali ndi zaka 36. Chaka chopitirira chimene anakhala kunja chija sichidzabweranso, ndipo chinatayika chifukwa cha chisankho cha mu ofesi.

Ndiye achimwene, munthu amene mumamukonda akasowa pa TV popanda kuvulala, musathamangire kunena kuti olemba nkhani amuiwala. Kawirikawiri kumakhala kuti kontirakiti yake ili pafupi kutha ndipo sanasaine ina, choncho kampani siyifuna kumukweza kuti akapindulitse ena. Mukayamba kuona akugonja sabata iliyonse kwa anthu osadziwika bwino, kapena akumuchititsa manyazi pa maikolofoni, nthawi zambiri ndiye kuti akutsanzikana naye. Ambrose anamupanga zomwezo kumayambiriro kwa 2019, mpaka kumugonjetsa ndi EC3 pa Raw. Akalengeza kuti wachotsedwa, tengani kalendala muwerenge masiku 90, ndipo pofufuza komwe wapita mugwiritse dzina limene ankamenyera asanalowe WWE.