Jinja amathandizako, koma mapiritsi asasiye

Achemwali, pa nseru ya amayi anu akachoka ku chemo (mankhwala a khansa), yesani jinja pang'ono, koma mapiritsi oletsa kusanza aja, ondansetron kapena metoclopramide, asasiye.

Ine ndinadwazikapo azakhali anga kuno ku Salima. Tikabwerako ku Lilongwe, fungo la usipa pamoto lokha linkawautsira nseru. Ndinkawiritsa kachidutswa ka jinja, madziwo akazizira iwo n'kumamwa pang'onopang'ono. Nseru inkachepa ndithu, koma kusanza ankaletsa ndi mapiritsi basi.

Afunseni kaye adokotala, chifukwa chemo imatsitsa maplatelet, tizigawo ta m'magazi tothandiza kuti magazi aziundana, ndipo jinja wochuluka angachedwetse magazi kuundana. Zam'mabotolo za pamsika zija, zosadziwika kuti muli chiyani, zisiyeni. Amayi akamasanza tsiku lonse, ngakhale madzi osakhazikika m'mimba, thamangirani nawo kuchipatala.