Mafunso a Awerengi: Zotopetsa za Patebulo la Madayisi

Makalata a mwezi uno akukhudza masewera a nthano oseweredwa patebulo, amene otchuka kwambiri mwa iwo ndi Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa ku America mu 1974. Kwa amene simunawaonepo, munthu mmodzi amakhala wotsogolera ndipo amafotokoza dziko ndi zochitika zake, pamene ena onse aliyense amakhala ndi munthu wake wa m'nthanomo. Pakakhala chikayiko ngati chimene munthuyo akufuna kuchita chitheke kapena ayi, amaponya dayisi kuti ndiye aweruze.

FUNSO: Bambo Mlembi, tilipo anthu asanu ndipo timasewera Loweruka lililonse kunyumba kwa mnzathu. Wotsogolera wathu amakonzekera kwambiri, koma chilichonse chimene tingasankhe chimakathera kumene iye amafuna. Sabata yatha tinakana kulowa m'phanga ndipo tinagwirizana zowoloka mtsinje, koma iye anati mlatho wakokoloka, bwato laola, ndipo m'madzimo muli ng'ona zokhazokha. Tinabwerera kuphanga kuja manja ali m'khosi. Tikumukayikiranso kuti amanama manambala a dayisi kuseri kwa chikatoni chimene amatchingira mapepala ake. Timuuze bwanji popanda kumukhumudwitsa? — Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Zikomo achimwene. Khalidwe limeneli osewera a Chingerezi amalitcha railroading, pofanizira ndi sitima ya pamtunda imene singapatuke panjanji ngakhale okweramo atafuula chotani. Kawirikawiri silichokera mu mtima woipa. Mnzanuyo mwina adatha madzulo atatu akujambula mapu a phangalo, kuikamo misampha ndi kusankha zilombo, ndiye pamene inu munatchula mtsinje, iye anaona thukuta lake lonse likupita pachabe ndipo analibe chilichonse cholembedwa cha kutsidya. Mlatho uja unakokoloka chifukwa cha mantha ake, osati chifukwa cha mvula.

Vuto lagona pakuti iye akuwatenga masewerawa ngati nthano ya agogo. Agogo akati “Padangokhala,” ife timayankha kuti “Tilitonse,” ndipo udindo wathu umathera pomwepo, chifukwa mwini nthano ndi iwowo ndipo kalulu adzapulumuka kaya tifune kaya tisafune. Patebulo la madayisi zinthu sizili choncho, popeza omvera nawonso agwira mpini, ndipo chimene chimawabweretsa Loweruka lililonse n'chakuti chisankho chawo chisinthe nkhani. Wotsogolera akawalanda chisankhocho, ndiye kuti wawasandutsa anthu ongovomera nyimbo.

Musamuyambe muli pakati pa masewera, ndiponso musamuunjirire nonse ngati mlandu wa pabwalo. Mmodzi wa inu akhale naye pambali, ayambe n'kuyamikira phangalo ngati linalidi lokoma, kenaka amuuze kuti m'malo mogwetsa milatho angathe kungonena poyera kuti, “Abale, lero ndakonza phanga lokha, za mtsinje ndipatseni sabata imodzi.” Sindinaonepo osewera amene adakwiya ndi mawu oterewa, koma ndaonapo ambiri amene adasiya kubwera chifukwa cha ng'ona zongotulukira. Njira inanso yothandiza ndi yakuti pomaliza tsiku lililonse muzimuuza kumene mukufuna kulowera ulendo wotsatira, ndipo mukanena muzisunga mawu anu, kuti akonzekere zimene mudzagwiritsedi ntchito.

Za madayisi ndiye zimafuna kuziona mofatsa. Dayisi wamkulu wa Dungeons & Dragons ali ndi mbali 20, choncho nambala iliyonse ili ndi mwayi wotuluka kasanu pa maulendo 100 alionse. M'malamulo amene adatuluka mu 2014, mdani akaponya 20 pomenya, madayisi oyezera bala amaponyedwa kawiri. Wamatsenga wongoyamba kumene amakhala ndi mapointi a moyo 6 kuphatikizapo ochepa ochokera ku mphamvu ya thupi lake, pamene kachilombo wamba kotchedwa goblin kakamumenya motero kangathe kumuchotsera mpaka 14. Wotsogolera wachifundo akaona 20 kuseri kwa chikatoni, amameza malovu n'kunena kuti, “Wakuphonya.” Malamulo samuletsa kutero, ndipo ine ndikumvetsa chifundo chakecho, koma sindigwirizana nacho. Tsiku limene osewera azindikira kuti dayisi saweruza chilichonse, ngakhale kupambana kwawo kwa m'mbuyo kumasukuluka, chifukwa sadziwanso kuti ndi pati pamene adapambana okha ndi pamene adangomveredwa chisoni. Mupempheni kuti madayisi a pankhondo aziponyera pakati pa tebulo, koma dziwani kuti mukatero mwavomeranso kuti tsiku lina munthu wanu adzafa ndipo simudzakhala ndi womuloza chala.

FUNSO: Ine ndine wotsogolera. M'gulu lathu muli mnyamata wina amene munthu wake ndi wakuba. Amabera anzake a m'gulu lomwelo akagona, anabaya wogulitsa m'sitolo amene ndinamukonza kuti awapatse uthenga wofunika, ndipo tikadandaula amangoseka n'kunena kuti ndi mmene munthu wake alili. Ndikuganiza zomutumizira chinjoka chimumeze kuti aphunzirepo kanthu. Kodi ndalakwa? — Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, chinjokacho chisiyeni chigone. Mukamupha munthu wakeyo, mnyamatayo adzatenga pepala latsopano lolembapo za munthu wake n'kupanga wakuba wina woposa woyambayo, ndipo tsopano adzakhala ndi chifukwa chonenera kuti mumamuzonda. Vutoli lili pakati pa anthu enieni okhala pamipando, choncho silingathetsedwe ndi zilombo za m'nthano.

Mawu akuti “ndi mmene munthu wanga alili” amamveka ngati kukhulupirika pa sewero, koma funso loyenera kumufunsa ndi lakuti munthuyo adamupanga ndani. Palibe adamukakamiza kulemba papepala munthu amene sangayende ndi anzake. Wakuba wa m'nthano angathe kubera mfumu yankhanza, kutsegula maloko a ndende, kapena kunamiza alonda a pachipata, ndipo zonsezi zimasangalatsa tebulo lonse. Koma akamasolola thumba la mnzake amene wakhala naye moyandikana, wosangalala ndi iye yekha, pamene anthu anayi ataya madzulo awo ndi ndalama ya minibasi kuti adzaonerere iye akuseka.

Magulu ambiri masiku ano amayamba ndi tsiku limene amalitcha session zero, lomwe saponya dayisi ngakhale mmodzi koma amangokambirana za mtundu wa nthano imene akufuna, zimene sakufuna kumva patebulo, ndi chifukwa chimene anthu awo akuyendera limodzi. Ngati simunachite zimenezi poyamba, palibe choletsa kuzichita tsopano. Ikani lamulo lomveka, lakuti munthu wa wosewera sangabere kapena kuvulaza munthu wa mnzake pokhapokha mwini wakeyo atavomera, ndipo lamulolo likhudze aliyense kuti lisaoneke ngati mwalisokera munthu mmodzi. Ndionjezerepo kuti nthawi zina wosewera wotereyu amakhala kuti watopa chabe, chifukwa papita masabata angapo luso la munthu wake lisanafunike paliponse, ndiye amabaya wa m'sitolo kuti mwina pachitike kanthu. Yesani kumuikira khomo lokhoma limene wina aliyense sangalitsegule. Akapitirizabe pambuyo pa zonsezi, muuzeni mwaulemu kuti tebulo lanu silikumuyenera, ndipo musadziimbe mlandu.

FUNSO: Nkhondo ikayamba, anzanga awiri amatulutsa mafoni n'kuyamba kuona za pa WhatsApp, ndipo nthawi yawo ikakwana amafunsa kuti, “Tili pati?” Kodi tiletse mafoni? — Wophunzira wa ku Leeds

YANKHO: Musanaletse, tawerengani kaye mphindi. M'malamulo a Dungeons & Dragons, kuzungulira kamodzi kwa nkhondo kumaimira masekondi 6 okha a m'nthano, koma patebulo la anthu asanu, aliyense akamatha mphindi 4 akusanthula pepala lake, munthu amadikira mphindi 16 kuti aponyenso dayisi, osawerengera nthawi ya wotsogolera yoyendetsa adani. Foniyo imatuluka chifukwa cha kudikirako, ndipo ikatuluka imachedwetsanso masewera, popeza mwini wake ayenera kufotokozeredwa zonse kachiwiri.

Amene amachedwetsa kwambiri nthawi zambiri ndi anthu awiri. Woyamba ndi wamatsenga amene amayamba kuwerenga za matsenga ake nthawi yake itakwana kale, m'malo mosankhiratu anzake akusewera. Wachiwiri ndi katswiri wa malamulo amene amaimitsa nkhondo kuti atsegule buku ndi kutsutsa chigamulo cha wotsogolera, ndipo n'zodabwitsa kuti amakumbukira malamulo okhawo omukomera iyeyo. Kwa woyambayo, wotsogolera azitchula amene akusewera pamodzi ndi womutsatira, kuti wotsatirayo akonzekeretu, ndipo aliyense aziponya dayisi womenyera limodzi ndi woyezera bala nthawi imodzi. Kwa wachiwiriyo, gwirizanani kuti wotsogolera agamule pompopompo, nkhaniyo ilembedwe pakapepala, ndipo buku litsegulidwe masewera akatha. Ngati zapezeka kuti wotsogolera analakwitsa, avomere ndipo zikonzedwe kuyambira ulendo wotsatira.

Mukachita zimenezi kwa masabata awiri kapena atatu koma mafoni n'kumatulukabe, pamenepo ikani dengu pakhomo loti aliyense aziponyamo foni yake polowa, kupatula amene pepala la munthu wake lili m'foni momwemo, ndipo ameneyo azitseka intaneti.