Mankhwala ndi a khansa ya m'mawere, nanga dzanzi kumapazi likuchokera kuti?

Achemwali ena andilembera imelo yokhudza amayi awo, amene akulandira paclitaxel pa dilipi chifukwa cha khansa ya m'mawere. Akuti amayiwo anayamba kudandaula dzanzi kuzala za kumapazi, ndipo tsopano lafika kumanja moti kumanga mabatani a bulauzi kukuwavuta. Mafunso awo ndi awiri. Khansa ili m'bere, mankhwala akukavutitsa mapazi bwanji? Ndipo poti anamva kuti mankhwalawa amachokera ku mtengo, kodi sangasiye dilipi n'kumamwa masamba owiritsa, amene mwina sangakhale aukali chonchi?

Achemwali, pepani ndi matendawa, ndipo zikomo kuti mwafunsa musanasinthe kanthu. Ndiyambe ndi la dzanzilo, chifukwa mukalimvetsa, lachiwirilo lidziyankha lokha.

M'selo iliyonse ya thupi lathu muli puloteni yotchedwa tubulin. Timapuloteni timeneti timalumikizana n'kupanga timachubu tating'ono kwambiri, totchedwa microtubule, tosaoneka popanda makina amphamvu oonera zinthu zing'onozing'ono. Taganizirani khoma la njerwa limene omanga akuwonjezera njerwa mphindi ino, mphindi inayo n'kuzigumula, osapuma. Timachubuti timakhala choncho, kutalika n'kufupika nthawi zonse, ndipo ntchito yake yagona pa kusinthasintha kumeneku. Selo ikafuna kugawikana kuti zikhale ziwiri, timachubuti timagwira makolomozomu, amene amasunga malangizo a chibadwa cha selo, n'kuwakoka, theka uku theka uko, kuti selo yatsopano iliyonse ilandire gawo lake lokwanira. Maselo a khansa amagawikana mosalekeza, ndiye mukasokoneza tubulin mwawagwira pofooka.

Kusokonezako kulipo kwa njira ziwiri. Mankhwala ena a khansa, vincristine ndi vinblastine, amaletsa timachubuti kumangika. Paclitaxel amene akulandira amayi anu amachita zosiyana: amatiumitsa kuti tisagumukenso. Selo imakanirira pakati pa kugawikana, kutsogolo ayi kumbuyo ayi, mpaka imafa. Amene anatulukira kuti paclitaxel amagwira ntchito mwa njira imeneyi ndi Susan Horwitz ndi anzake ku Albert Einstein College of Medicine ku New York, mu 1979, ndipo ndi zimene zinachititsa kuti asayansi ayambe kuwaganizira mozama mankhwalawa.

Vuto ndi lakuti tubulin wa m'selo ya khansa ndi yemweyo ali m'thupi monse. Tsitsi limathothoka chifukwa maselo a kumizu yake nawonso amagawikana mofulumira. Maselo oyera a m'magazi amatsika chifukwa cha zomwezo m'mafuta a m'mafupa. Koma mitsempha yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo ili ndi nkhani yakeyake, chifukwa maselo ake sagawikana n'komwe. Iwo amagwiritsa ntchito timachubuti potumiza zofunika kuchokera pamene pali phata la selo, pafupi ndi msana, kukafika kumapeto kwake. Selo imodzi yotereyi imatha kutalika pafupifupi mita yathunthu, kuchokera m'chiuno mpaka kuchala chachikulu cha phazi. Mankhwala akaumitsa timachubuti, zofunika zija sizifika bwino, ndipo kumene kuli kutali kwambiri ndi kumene kumayamba kuvutika. N'chifukwa chake dzanzi limayambira kuzala za kumapazi, mbali zonse ziwiri, kenako n'kudzafika kumanja. Zimene mwafotokoza za amayi anu zikutsata ndondomeko yomweyo.

Chonde musabise zimenezi kwa adokotala poopa kuti awasiyitsa mankhwala. Ndimamva chisoni ndi odwala amene amapirira mwakachetechete mpaka kuyenda kuwakanika. Vutoli limakula pamene mankhwala akuchulukirachulukira m'thupi, ndipo likadziwika msanga adokotala amatha kuchepetsa mlingo, kutalikitsa masiku, kapena kusintha mtundu wa mankhwala. Kwa ambiri dzanzi limachepa pang'onopang'ono pakapita miyezi atamaliza, koma kwa ena limakhalitsa, makamaka ngati linafika patali. Amene ali ndi matenda a shuga kapena amamwa mowa kwambiri amakhala pachiopsezo chachikulu, ndiye ngati amayi ali ndi shuga, nenaninso zimenezo. Dzanzi likakhala ndi ululu wowotcha kapena kubayabaya, pali mankhwala otchedwa duloxetine amene kafukufuku anaonetsa kuti amathandiza ena, afunseni adokotala.

Tsopano za masamba. Zimene munamva ndi zoona: paclitaxel anapezeka m'khungwa la mtengo wa Pacific yew. Khungwalo linatengedwa mu 1962 m'nkhalango ya m'chigawo cha Washington ku America, ndipo Monroe Wall ndi Mansukh Wani anafalitsa kapangidwe ka mankhwalawo mu 1971. Komabe bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linawavomereza mu 1992, poyamba pa khansa ya m'thumba la mazira, ndipo pa khansa ya m'mawere mu 1994. Zaka 30 kuchokera pa khungwa kufika pa dilipi! Zaka zimenezo sizinapite pachabe. Mankhwalawa m'khungwa amapezeka ochepetsetsa, moti poyamba pankafunika kusenda mitengo ingapo, n'kuipha, kuti athandize wodwala mmodzi. Sasungunuka m'madzi, choncho kuwiritsa sikungawatulutse mokwanira. Anachita kuwasungunula m'mafuta opangidwa kuchokera ku nsatsi, ndipo mafutawo amatha kuwenga anthu ena. N'chifukwa chake anamwino amayamba apereka dexamethasone ndi mankhwala ena asanatsegule dilipi. Ngakhale mutameza paclitaxel weniweni, matumbo ali ndi puloteni yotchedwa P-glycoprotein imene imawakankhira kunja, ndipo ofika m'magazi amakhala ochepa. Pamwamba pa zonsezi, masamba a yew ali ndi poizoni wina amene amaimitsa mtima.

Nkhani ya vincristine ndi yofanana. Duwa la Madagascar periwinkle anthu ankaligwiritsa ntchito pa matenda a shuga. M'ma 1950, Robert Noble ndi Charles Beer ku University of Western Ontario ku Canada ankafufuza ngati limatsitsadi shuga, koma chimene anaona ndi chakuti maselo oyera a makoswe awo anatsika koopsa. Apo ndi pamene vinblastine anachokera. Vincristine, wochokera ku duwa lomweli, anavomerezedwa mu 1963, ndipo mpaka lero ndi mmodzi mwa mankhwala amene amachiza ana ambiri odwala khansa ya m'magazi. Koma kuti mupeze galamu imodzi pamafunika makilogalamu mazanamazana a masamba ouma, ndipo mlingo wa munthu wamkulu nthawi zambiri sadutsa mamiligalamu 2. Kapu ya masamba owiritsa ilibe njira yoyezera zimenezo. Imangowonjezera zinthu zina m'thupi limene chiwindi chake chikulimbana kale ndi kemo, kutanthauza mankhwala a khansa a pa dilipiwa.

Mwina mukumananso ndi anthu pa intaneti otamanda mankhwala a njoka za m'mimba, monga mebendazole kapena fenbendazole wa ziweto, ati amachiza khansa. N'zoona kuti nawonso amagwira tubulin, koma amagwira kwambiri wa njokazo, ndipo palibe bungwe loona za mankhwala limene linawavomereza kuchiza khansa. Amayi asawayese.

Ofufuza akulidziwa vuto la mitsemphali, ndipo ndi limodzi mwa zimene zikuwakankha kufunafuna mankhwala ena. Docetaxel anapangidwa ku France kuchokera ku masamba a yew wa ku Ulaya. Eribulin, amene anavomerezedwa mu 2010, anatengera mankhwala opezeka m'kanyama ka m'nyanja ku Japan. Njira imene ine ndimaiona yopatsa chiyembekezo kwambiri ndi yomangirira mankhwala osokoneza tubulin ku puloteni yoteteza thupi imene imafunafuna selo ya khansa, monga trastuzumab emtansine wa mu 2013, wa khansa ya m'mawere ya mtundu wa HER2, imene maselo ake ali ndi puloteni yochuluka ya dzina limeneli. Dzanzi silinatheretu ngakhale ndi amenewa, koma cholinga chake n'chakuti mankhwala akafike kumene akufunika.

Pakadali pano, asanalandire dilipi yotsatira, auzeni anamwino ndi adokotala pamene dzanzi lafika, liti linayamba, ndi zimene amayi akulephera kuchita, kaya ndi mabatani, kugwira kapu, kapena kupunthwa poyenda. Madzi osamba muziyamba mwawayesa inuyo, chifukwa phazi la dzanzi limapsa mwini osamva. Asamayende opanda nsapato, ndipo madzulo aliwonse muziwayang'ana kuphazi ndi pakati pa zala ngati pali bala. Akatentha thupi nthawi ina iliyonse ali pa kemo, musadikire kuche, pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.