"Dzina lake" la ndani? Funso la mawu okamba za amayi ofera m'manja mwa apolisi

Mayi wina wa ku Zomba, yemwe amakonza mapulogalamu pa wailesi ya m'dera, wandilembera motere: "Ndikukonza pulogalamu ya amayi akuda omwe afera m'manja mwa apolisi ku America. Mawu a kampeni ya #SayHerName ndawaika kuti 'Tchulani dzina lake'. Ndalondola? Nanga ndizinena kuti amayiwa anamwalira, anafa kapena anaphedwa?"

Zikomo mayi pofunsa. Chiganizo chanu chilibe cholakwika pa galamala, koma chataya mutu wa nkhani. M'Chichewa "lake" sasankha: dzina lake la Yohane, dzina lake la Maria, onse ndi "lake". Pomwe m'Chingerezi "her" amanena za mkazi yekha, ndipo kampeniyi inabadwa chifukwa cha kusiyanako. Bungwe la African American Policy Forum, lomwe mmodzi mwa oliyambitsa ndi katswiri wa zamalamulo Kimberlé Crenshaw, linaiyamba mu Disembala 2014, chaka chomwe mayina a amuna akuda ofera m'manja mwa apolisi ngati Michael Brown ndi Eric Garner anamveka m'misewu yonse, koma amayi ofa imfa zofananazo palibe ankawatchula. Womvera wanu akamva "dzina lake" pankhani ya apolisi, m'maso mwake mubwera mnyamata. Nenani kuti "Tchulani dzina la mayiyu", kapena "Tchulani mayina a amayiwa".

Pali chinanso chomwe chingakukokeni lilime. Kwathu kuno mayi wamkulu sitimuitana ndi dzina lake. Timati amake Chikondi, aNabanda, ndipo akamwalira timangoti malemu. Umenewo ndi ulemu wabwino ndipo ine ndimaukonda. Koma pa pulogalamuyi musabisale kuseri kwa "malemu aja". Tchulani dzina lonse, momveka, ngakhale kawiri.

Tsopano za imfayo. "Kumwalira" ndi mawu aulemu, oyenera munthu. Vuto lake ndi loti amafewetsa, ngati munthu wapita ali pamphasa pake abale atamuzungulira. "Anatisiya" ndiye musayerekeze n'komwe. Ine ndimakonda "anafera m'chitokosi" kapena "anamwalirira m'manja mwa apolisi", chifukwa kachidutswa ka -er- kapena -ir- kaja kamakakamiza wolankhula kutchula malo, ndipo malowo ndi amene ali ndi mlandu woyankha.

"Anaphedwa" muwagwiritse ntchito pomwe zatsimikizika. Taonani nkhani ya Sandra Bland, wa zaka 28. Pa 10 Julaye 2015 wapolisi Brian Encinia anamuimitsa ku Prairie View, m'chigawo cha Texas, chifukwa chosintha mbali ya msewu osayatsa indiketa. Anamuuza kuti azimitse ndudu yomwe ankasuta m'galimoto yake, iye anakana, mkangano unakula, anamutulutsa ndi kumumanga. Pa 13 Julaye anapezeka atafa m'chitokosi cha ku Waller County. Opima mtembo anati anadzimangirira, achibale ake sanakhutire nazo. Apa lembani kuti "anapezeka atafa m'chitokosi, ndipo akuluakulu anati anadzimangirira". Kamawu koti "anati" musakameze, chifukwa ndi kamene kakuonetsa kuti awa ndi mawu a mbali imodzi. Ndipo musaiwale kunena chomwe anamuimitsira, womvera adziwe kuti ulendo wa kuchitokosi unayambira pa indiketa ndi ndudu.

Ya Breonna Taylor ndi yosiyana. Pa 13 Malichi 2020 apolisi a ku Louisville, m'chigawo cha Kentucky, anathyola chitseko cha nyumba yake usiku. Bwenzi lake linawombera kamodzi poganiza kuti ndi achiwembu, apolisi anabwezera zipolopolo zambirimbiri, ndipo Breonna, wa zaka 26, anafera pomwepo. Apa palibe chokayikitsa za amene anamupha. Komabe ndimamva ambiri akuti "anawomberedwa", n'kulekera pomwepo. Chiganizo chotero chimandipweteka, chifukwa chimasiya mfuti ikulira yokha popanda woigwira. Chichewa chimalola kuika wochita patsogolo, ndiye muikeni: "Apolisi anawombera Breonna Taylor m'nyumba mwake."

Mukafuna chiganizo chotsegulira pulogalamu, yesani ichi: "Lero titchula mayina a amayi akuda omwe anafera m'manja mwa apolisi ku America, ndipo tiyamba ndi Sandra Bland."