Mlonda wa pachipata: yankho kwa mayi ndi mwana wawo wophunzira makompyuta

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene amagulitsa kaunjika. Akuti: "Aphungu, mwana wanga wamkazi ali chaka chomaliza cha maphunziro a makompyuta. Kampani ina imene akufuna kukaphunzirako ntchito yamupatsa mayeso oti apange chinthu chotchedwa API gateway m'chinenero cha Java pasanathe milungu iwiri. Mwanayo wagwidwa ndi mantha, akuti ndimulipirire mayeso a satifiketi ya Amazon kuti aoneke wodziwa. Ine sindikumva n'komwe kuti chinthucho n'chiyani. Ndilipire?"

Mayi, musalipire kaye. Mayeso a satifiketi ya Amazon yotchedwa AWS Certified Developer ndi madola 150 a ku America, ndipo mukudziwa nokha mmene dola ikusowera. Satifiketiyo si yoipa ayi, koma munthu sangaikonzekere m'milungu iwiri, komanso kampaniyo sinapemphe pepala. Akufuna kuona ntchito ya manja ake.

Chinthucho nachi. Mukamagula mayunitsi a magetsi pafoni, mumangoona uthenga umodzi wa manambala 20 aja. Koma makina a mtundu umenewu kawirikawiri amakhala ndi mapulogalamu angapo kuseri: ina imatsimikiza kuti ndinudi mwini akaunti, ina imachotsa ndalama, ina imakatenga manambalawo, ina imatumiza uthenga. Pulogalamu iliyonse ili ndi khomo lake lolandirirapo zopempha, ndipo khomo limenelo ndilo API. Makomo onsewo atakhala oyang'ana kumsewu, aliyense akhoza kumalowa paliponse pamene wafuna. N'chifukwa chake amamanga mpanda n'kusiya chipata chimodzi, pamenepo n'kuikapo mlonda wofunsa chiphaso, wolozera mlendo khomo loyenera, wobweza amene akungobwerabwera mosalekeza, ndiponso wolemba m'kaundula aliyense wodutsa. Mlonda ameneyo ndiye gateway. Mwana wanu auzidwa kuti amulembe ndi code. Ndi ntchito yeniyeni, mabanki ndi makampani a mafoni amafuna anthu oidziwa. Netflix inatulutsa gateway yake yotchedwa Zuul mu 2013, Amazon inayambitsa yake mu 2015, Kong inatulukanso chaka chomwecho, ndipo Microsoft inatulutsa YARP mu 2021. Mayina akhala akusintha koma ntchito ya mlondayo ndi yomweyo.

Tsopano ndilankhule ndi iwe, mwana wanga.

Poti akuuza Java, tenga Spring Cloud Gateway, chida cha Java chomangira gateway. Usayambire pa gateway. Tsiku loyamba lemba timapulogalamu tiwiri tating'ono kwambiri, kena kobweza mndandanda wa makasitomala, kena kolandira malipiro abodza, kalikonse pa port yake, yomwe ndi nambala ya khomo lake, tinene 8081 ndi 8082. Mlonda wopanda nyumba zolondera sungamuyese.

Kenako lemba njira zako. Mu Spring Cloud Gateway njira iliyonse, imene amati route, ili ndi zinthu zinayi: dzina lake, adiresi ya kumene ikupita, predicate yomwe ndi funso loti pempho ili n'la njira ino kapena ayi, ndi mafilter omwe amasintha pempholo lisanapitirire kapena yankho lisanabwerere. Mu code umapanga bean ya RouteLocator pogwiritsa ntchito RouteLocatorBuilder, n'kunena kuti chilichonse choyamba ndi /api/malipiro chichotsedwe chidutswa choyambacho ndi stripPrefix, kenako chitumizidwe ku 8082. Ndi mizere yosakwana khumi. Ambiri akaona zayenda amangowomba m'manja n'kutumiza ntchito. Amenewo ndi amene sayitanidwanso.

A ku kampani adzakufunsa chifukwa chake walemba njirazo mu code m'malo mwa fayilo yolembamo makonzedwe ya mtundu wa YAML, poti zonse ziwiri zimatheka. Uyankhe moona mtima. Njira zikakhala zochepa komanso zosasinthasintha, YAML imakwana, ndipo ngakhale munthu wosadziwa Java amatha kuiwerenga. Code imapambana pamene njira zikuchokera mu database, pamene ukufuna filter yakoyako, kapena pamene ukufuna kuti compiler ikugwire dzanja ukalakwitsa dzina m'malo moti cholakwikacho chidzaonekere makasitomala ali kale pamzere. Koma code ili ndi msampha wake. Poti chilichonse chimatheka, anthu amayamba kuunjika pachipata zinthu zosayenera, monga kuwerengera chiwongoladzanja kapena kuchotsera mitengo. Mlonda akayamba kuphika nsima, chipata chimatsala chokha. Zowerengera zisiyire mapulogalamu a mkati.

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa ophunzira ambiri pa chida chimenechi. Mtundu wake woyambirira unamangidwa pa WebFlux ndi Netty, ndipo umagwira ntchito ndi mathread ochepa kwambiri, omwe ali ngati antchito a mkati mwa pulogalamu, pafupifupi ofanana ndi macore a purosesa. Mathread ochepawo amatumikira anthu zikwi chifukwa palibe imene imaima kudikira yankho. Ukalemba filter yomwe ikufunsa database mwa njira yakale ya JDBC, thread imaima njii mpaka yankho libwere. Pa laputopu yako, uli wekha, suona vuto lililonse. Anthu 200 akabwera nthawi imodzi, chipata chonse chimauma, ngakhale njira zimene sizikhudzana ndi database'yo. Ngati sunazolowere Mono ndi Flux, zomwe ndi zida za WebFlux zolembera code yosaima kudikira, dziwa kuti pali mtundu wina wa gateway yomweyo woyenda pa Spring MVC. Sankha umodzi, ndipo udziwe chifukwa chake wausankha.

Za chiphaso sindichedwapo. Gwiritsa ntchito JWT, yomwe ndi token, chiphaso cha pakompyuta chokhala ndi siginecha; Spring Security ili kale ndi zotsimikizira siginecha yakeyo. Wopanda token kapena wa token yotha nthawi alandire yankho lomukana la nambala 401, wokhala nayo koma wopanda chilolezo cha khomo limenelo alandire 403. Makiyi achinsinsi asalowe mu GitHub. Ndaonapo ntchito yabwino ikukanidwa chifukwa cha password yosiyidwa poyera mu code.

Pamene ndikufuna uthere masiku ambiri ndi apa: uphe dala kapulogalamu ka malipiro kaja, uone chimene gateway ichite. Kenako ukadzutse koma ukachititse ulesi, kazidikira masekondi 30 kasanayankhe. Ukapanda kuika timeout, zopempha zimangounjikana pachipata ngati anthu pa chigayo magetsi atazima. Ika malire, tinene masekondi atatu, kuti wopempha alandire 504, yankho loti nthawi yodikira yatha, m'malo mongoyang'ana kachizindikiro kozungulira pafoni. Ukatero onjezera circuit breaker ya Resilience4j. Imeneyi ikaona kuti khomo lina lalephera kambirimbiri, imasiya kaye kutumizako anthu kwa kanthawi, n'kumawapatsa yankho lokonzeratu loti ayesenso nthawi ina, kenako imalola ochepa kuti aone ngati zakhala bwino.

Ndiye pali retry, kuyesanso. Imaoneka ngati chifundo koma ndi imene imadya ndalama za anthu. Taganiza: kasitomala walipira K20,000, pulogalamu ya malipiro yachotsa ndalamazo, koma yankho lasochera panjira chifukwa netiweki yadukiza. Gateway ikuona ngati palibe chachitika, ikutumizanso pempho lomwelo. Munthu uja wadulidwa K40,000, ndipo mawa m'mawa ali pa kauntala akukalipira mtsikana wosalakwa. N'chifukwa chake filter ya Retry mu Spring Cloud Gateway, ukapanda kuisintha, imabwereza zopempha za GET zokha, zongowerenga. Usaitsegulire mwachisawawa zopempha za POST, zimene zimasintha zinthu, monga malipiro. Ngati malipiro ayenera kubwerezedwa, pempho lililonse lizinyamula nambala yakeyake yosabwerezeka, imene amati idempotency key, kuti pulogalamu ya malipiro ikaiona kachiwiri ingobweza yankho lakale osachotsanso ndalama. Stripe imachita zimenezi pa API yake. Wophunzira amene angafotokoze nkhani ya K40,000 imeneyi ndi pakamwa pake, ine ndingamutenge kusiya wa masatifiketi atatu.

Chotsala ndi kuchepetsa obwerabwera. Filter ya RequestRateLimiter imagwiritsa ntchito Redis, database yothamanga imene imasunga mawerengero a zopempha, ndipo nzeru yake ili ngati ndowa imene mumagwera timiyala pa liwiro lokhazikika. Pempho lililonse limatenga kamwala kamodzi, ndowa ikauma wopempha amalandira 429, yankho loti wapempha mopitirira malire. Ukaika replenishRate pa 10 ndi burstCapacity pa 20, ndiye kuti munthu ali ndi zopempha 10 pa sekondi, koma akhoza kufika 20 mwakamodzi ngati ndowa inali yodzaza. Funso lenileni n'lakuti ndowayo ndi ya yani. Ambiri amathamangira kugawa ndowa potengera adiresi ya IP, nambala imene chipangizo chimadziwika nayo pa intaneti. Kwathu kuno anthu ambiri amalowa pa intaneti kudzera pafoni, ndipo pa netiweki za mafoni anthu ochuluka amatha kuonekera kunja ndi IP imodzi. Ukatero ulanga khamu lonse chifukwa cha munthu mmodzi. Gawa ndowa potengera mwini token, kudzera mu KeyResolver.

Zonsezi uzilembere mayeso. WireMock ikhoza kunamizira kukhala pulogalamu ya malipiro yochedwa kapena yakufa, ndipo WebTestClient izigogoda pachipata n'kuona ngati 401, 429 ndi 504 zikubwera pa nthawi yake. Mu README, fayilo yofotokoza za ntchito yako, ulembe mwachidule mmene munthu angayendetsere ntchitoyo ndi lamulo limodzi la Docker Compose, zimene unathyola dala, ndi zimene unaona. Ukalembanso chimene sunathe kumaliza, sakuchotsera malikisi. Woyesa wanzeru amakhulupirira kwambiri munthu wodziwa pamene ntchito yake yalekezera.

Mayi, ndibwerere kwa inu. Java, Spring, Redis ndi zonse ndatchulazi n'zaulere. Chimene mwana wanu akusowa pa milungu iwiriyi ndi bandulo yokwanira, chifukwa Maven ndi Docker zimakoka mafayilo akuluakulu tsiku loyamba, malo otchajira laputopu magetsi akathima, ndi kumupumitsako pang'ono ntchito zapakhomo madzulo. Za satifiketi mudzakambirane akayamba kulandira kangachepe, ndipo makampani ena amalipirira okha antchito awo mayeso amenewa, choncho akalowa adzafunse. Akamaliza, mumuuze akuonetseni pa laputopupo: azimitse pulogalamu ya malipiro inu mukuona, kenako akufotokozereni m'Chichewa chifukwa chake ndalama sizinachotsedwe kawiri. Mukamva inu, a ku kampani aja akamvanso.