Ndakweza Hilux yanga, tsopano jeki sikufika: ndigule yotani?

Funso: Amisiri, ndili ndi Hilux ya 2012 yomwe ndimanyamulira fodya ndi feteleza pakati pa Furancungo ndi Ulónguè. Ndinaikweza ndi masentimita 5, ndipo ndinaika matayala a 265/75 R16. Tayala lakutsogolo litaphwa panjira, jeki yomwe inabwera ndi galimoto inathera m'malere, tayala lidakali pansi. Anzanga akuti ndigule Hi-Lift, jeki yaitali ya mlongoti wachitsulo ndi chogwirira chachitali. Kodi ndi yoyenera?

Yankho: Achimwene, musanatulutse metikali imodzi, tengani tepi yoyezera mulowe nayo pansi pa galimoto. Ambiri akamagula jeki amangofunsa kuti ndi ya matani angati, pomwe vuto lanu si kulemera ayi, ndi msinkhu.

Masipulingi atsopano omwe amaikidwa pokweza galimoto anakweza chesisi ndi bodi, koma ekiselo yakumbuyo sanaikweze. Chomwe chimakweza ekiselo ndi kukula kwa tayala basi. Tayala lanu ndi la masentimita pafupifupi 80 kuchoka pansi kufika pamwamba, ndiye pakati pake pali pa 40, ndipo kunsi kwa ekiselo kumakhala cha m'ma 35. Tayala likaphwa, ekiselo imatsika ndi masentimita 15 kapena kuyandikira apo. Jeki yanu iyenera kukhala yaifupi moti ilowe pampata wa masentimita 20 kapena 21, komanso itukule mpaka 38 kuti sipeya yopopa bwino ilowe popanda kukhula pansi. Manambala awiriwa mudziyezere nokha pagalimoto yanu, mupite nawo kusitolo olembedwa papepala.

Kutsogolo ndi nkhani ina, ndipo n'komwe munavutikira. Hilux za kuyambira 2005 zilibe ekiselo yopingasa kutsogolo, tayala lililonse limayenda palokha, choncho jeki imagwira pachesisi. Mukamatukula chesisi, tayala limayamba latsalira pansi, sipulingi n'kumatambasuka mpaka shoka itafika polekezera, kenako m'pamene limanyamuka. Msinkhu wonsewo jeki iyenera kuulipira.

Ine ndingakuuzeni kuti mugule jeki ya botolo, ya oyilo, yomwe m'masitolo a mumzinda wa Tete amaitchula kuti macaco de garrafa. Mukapeza yotuluka kawiri, chitsulo china mkati mwa chinzake, ndiye yabwino koposa, chifukwa imakhala yaifupi ikatsika koma imafika patali. Ya matani 4 mpaka 6 yakwana. Hilux yodzaza katundu imalemera matani pafupifupi atatu, ndipo jeki imanyamula kona imodzi yokha. Ya matani 20 yamalole isakukopeni. Kawirikawiri ndi yaitali moti sikwana pansi pa ekiselo tayala litaphwa, ndipo mumapopa mpaka thukuta kuti ikwere pang'ono.

Pamodzi ndi jekiyo, pitani kwa kalipentala akudulireni matabwa awiri a mtengo wolimba monga mlombwa, masentimita 30 mbali zonse, kunenepa masentimita 5. Pamsewu wadothi nthawi ya dzinja, phazi laling'ono la jeki limangomira m'matope galimoto osasuntha. Thabwa limodzi limaletsa kumirako, lachiwiri limawonjezera msinkhu wakutsogolo uja. Thabwa liziikidwa pansi pa jeki, osati pamutu pake. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi ndithu, zimasweka mwadzidzidzi popanda chenjezo.

Nanga Hi-Lift? Ndi chida chenicheni, sindikuinyoza. Yotchuka ndi ya masentimita 122, ina 152, ndipo opanga ake anaiyikira malire a makilogalamu pafupifupi 2,100. Koma ntchito yake ndi kuzula galimoto yotitimira m'matope kapena mumchenga wa mumtsinje, kuti mupeze mpata woika miyala ndi nthambi pansi pa tayala. Posinthira tayala ndi yoopsa. Imagwira pabodi, ndiye muyenera kukweza galimoto patali kwambiri tayala lisananyamuke, ndipo ili m'mwamba choncho imagwedera ngati nkhokwe ya miyendo yofumbwa. Mukakoka tayala mwamphamvu, galimoto imatha kupendekera kumbali n'kugwa. Imafunanso bampala yachitsulo yokhala ndi pogwira. Yapulasitiki ya Hilux imangophwanyika. Chogwirira chake nachonso si chamasewera. Potsitsa galimoto, chikakupulumukani m'manja chimabwerera m'mwamba ndi mphamvu yothyola nsagwada, choncho mutu usakhale pakati pa chogwirira ndi mlongoti wake. Ngati nthawi ya mvula mumalowa m'misewu ya kumidzi ya ku Macanga kapena Chifunde, gulani, koma ikhale yachiwiri.

Jeki ya matayala ija ya m'magalaja isiyeni ku galaja. Imafuna simenti yosalala kuti iziyenda ikamatukula, ndipo padothi imakoka galimoto m'malo mosuntha yokha.

Tsiku lomwe zakuonekerani panjira, pezani malo athyathyathya, kokani handibuleki, ikani giya wani ndi four wheel, ndipo tsekani ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala la kona yopingasana ndi lomwe laphwa. Manati muwamasule pang'ono galimoto idakali pansi. Jeki ikakana kulowa, kwezani tayala lophwalo pathabwa poyendetsa galimoto pang'onopang'ono, mpata upezeka. Ikaperewera pang'ono pomaliza, musaipope mopitirira malire, tengani khasu mukumbe pansi pomwe sipeya ikhale. Tayala lomwe mwachotsa ligonekeni pansi pa chesisi kuti jeki ikaphonya galimoto igwere pamenepo. Mwendo kapena mutu zisalowe pansi pa galimoto yomwe yangokhala pajeki.

Jeki ya botolo muziisunga choimirira kuseri kwa mpando, valavu yake yotsekedwa, chifukwa ikagona masiku ambiri imadontha oyilo, n'kuyamba kutukula theka. Oyilo akachepa onjezerani wa hayidiroliki. Mafuta a mabuleki musathiremo, amadya timphira ta mkati. Ndipo ikangofika kunyumba, iyeseni pabwalo: phwetsani tayala limodzi lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo, muone ngati ikulowa komanso ngati ikufika, lisiti lidakali m'thumba.