Agalu anga sakukhalitsa, chikuvuta ndi chani?

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndimaweta agalu olondera pakhomo koma sakhalitsa, asanakwane ndi zaka ziwiri zomwe amayamba kuwonda, kufooka, kenako kufa. Anzanga akuti alipo akuwathirira poizoni wa tameki. Pano ndatenga kamwana kena, ndipange bwanji kuti akaka kakule? Bambo wa ku Mpondasi, Mangochi.

Yankho: Pepani bambo, galu amene munamuzolowera akafa zimawawa ndithu. Koma za tamekizo ine ndakayika, tameki sachedwa, galu amachucha dovu, kunjenjemera, tsiku lomwelo wapita. Kuwonda pang'onopang'ono chonchi kawirikawiri ndi nkhupakupa ndi njoka zam'mimba. Tamukwezani mlomo muone nkhama zake, zikakhala zotuwa osati zofiirira ndiye kuti magazi akutha, thamangani naye kwa alangizi a ziweto osadikira mawa.

Nkhupakupa zimaswana koopsa ndi kutentha kwa kunyanjaku ndipo sizingoyamwa magazi ayi, zimasiyanso matenda amene amaphwanya magaziwo, ndiye muzimufufuza m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala sabata iliyonse, mankhwala osambitsira mugule a agalu enieni osati dibi wa ng'ombe wongosungunula mwa m'mutu, ameneyo wapha agalu ambiri. Pogona pake pasakhale pamchenga wonyowa ndi mikodzo chifukwa ndi pamene ntchentche ya mphutsi imaikira mazira, muyalireni thumba louma pamthunzi, madzi akumwa asamasowe.

Mankhwala a njoka, kamwana kamafuna pafupipafupi, kakakula ndi miyezi itatu iliyonse. Katemera wa parvo, matenda aja otsegula m'mimba zamagazi, amayamba pa masabata 6 mpaka 8 ndipo amabwereza. Wa chiwewe ndi pa miyezi itatu kenako chaka ndi chaka, uyu musaphonye chonde, akutetezanso ana anu.

Chakudya ndiye pondidandaulitsa. Mkute wa nsima wokhawokha sungakulitse galu, ndipo inu muli ndi mwayi usipa ndi bonya muli nazo pafupi, sinjani pang'ono musakanize mu phala la mgaiwa, opanda mchere kapena anyezi. Minga za chambo ndi mafupa a nkhuku ophika ayi, zimabaya m'matumbo. Akadwala osamupatsa panado. Mukamufulitsanso amachepetsa kuyendayenda usiku kokalumidwa kapena kugundidwa pamsewu. Galu wosamalidwa chonchi amafika zaka 10 mpaka kupitirira.